Mwana wanga amataya magazi ambiri akamasamba: vuto lili m'chiberekero kapena m'magazi?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Sadzi mumzinda wa Zomba: "Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 15, anatha msinkhu chaka chatha. Chiyambireni, msambo wake umatenga masiku 9 kapena 10. Masiku atatu oyamba amasintha padi pafupifupi ola lililonse, usiku amaipitsa zofunda, ndipo amajomba kusukulu. Amakhalanso ndi kamfuno pafupipafupi. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi a magazi ndi brufen, koma mwezi uliwonse n'chimodzimodzi. Inenso ndinkatero ndili mtsikana, ndipo pobereka mwana wachiwiri anachita kundiika magazi. Akuluakulu akuti ndi za kumtundu, zidzatha akadzabereka. Kodi ndi zoona?"

Mayi, akuluakuluwo akhoza kukhala kuti alondola ponena kuti ndi za kumtundu. Pamene sitikugwirizana nawo ndi poti mungodikira. Mwatchula zinthu zitatu zomwe zikakumana mwa munthu mmodzi zimatichititsa kuganiza za magazi enieniwo tisanaganize za chiberekero: kutaya magazi ambiri kuyambira pa msambo woyamba, kutuluka magazi malo ena monga m'mphuno, ndiponso mayi wake amene anataya magazi pobereka mpaka kuikidwa ena. Ngati vuto ndi lakuti magazi a mwanayu amachedwa kuundana, kubereka sikudzalichotsa. Tsiku lobereka ndi limene vutolo limaopsa kwambiri, choncho ndi bwino lidziwike tsopano.

Tiyambe ndi muyeso, chifukwa m'banja limene mayi, agogo ndi azakhali onse amataya magazi ambiri, aliyense amaona ngati ndi mmene msambo umakhalira. Mabuku a zachipatala amati msambo wapyola muyeso ngati magazi otayika aposa mamililita 80 pa mwezi umodzi, omwe ndi masipuni a tiyi 16. Palibe amene amayeza ndi sipuni, ndiye timaona zizindikiro: kusamba kupyola masiku 7, kusintha padi kapena nyanda yonyoweratu pasanathe maola awiri, kuvala ziwiri nthawi imodzi, kudzuka usiku kukasintha, ndi kutuluka magazi oundana aakulu kuposa chitsekerero cha botolo la Fanta. Mwana wanu wadutsa muyesowu mbali zingapo.

Kuti magazi asiye kutuluka pamafunika zinthu zitatu zogwirira ntchito limodzi. M'magazi muli timaselo ting'onoting'ono totchedwa ma platelet, tomwe timathamangira pomwe mtsempha wang'ambika n'kuunjikana pamenepo. Kuti timatirire pakhoma la mtsempha pamafunika chinthu china chonga ulimbo, chotchedwa von Willebrand factor. Kenako pamabwera mapuloteni ena, monga factor VIII ndi factor IX, omwe amaluka ulusi wolimbitsa chotsekacho kuti chisakokoloke. Mwezi uliwonse khungu la mkati mwa chiberekero likamayoyoka, timitsempha tambiri timatseguka nthawi imodzi, ndipo zinthu zitatuzi zimayenera kutitseka. Chimodzi chikachepa kapena chikakhala chofooka, msambo umachuluka ndi kutalika ngakhale chiberekero chili bwinobwino. N'chifukwa chake sikani imatha kusonyeza kuti zonse zili bwino pomwe munthu akuvutika.

Mwa matenda otengera kumtundu ochedwetsa magazi kuundana, ofala kwambiri ndi a von Willebrand. Dzinali ndi la dokotala wa ku Finland, Erik von Willebrand, yemwe anawafotokoza mu 1926 ataona banja lina la ku zilumba za Åland. Mtsikana amene anayamba kumuona ali ndi zaka zisanu anadzamwalira atatha msinkhu, pa msambo wake wachinayi, nthawi imene mankhwala omwe tili nawo lero kunalibe. Poyeza magazi a anthu wamba, mpaka munthu mmodzi pa 100 amapezeka kuti ulimbo uja ndi wochepa, ngakhale ambiri mwa iwo savutika kwenikweni. Koma pakati pa amayi otaya magazi ambiri posamba, kafukufuku amapeza matendawa mwa mayi mmodzi pa 8 kapena 10 aliwonse. Amagwira amuna ndi akazi mofanana, kungoti mwamuna amatha kukalamba nawo osadziwa, pomwe mkazi msambo umamuulula mwezi ndi mwezi. Alipo a mitundu itatu. Mtundu woyamba, womwe uli ndi anthu ambiri, ulimbo ulipo koma ndi wochepa. Wachiwiri, ulipo koma sugwira bwino. Wachitatu ndi wosowa komanso woopsa: ulimbo palibiretu, ndipo mwana amautenga kwa makolo onse awiri. Pa mtundu woyamba, kholo limodzi likakhala nawo, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka wotengera.

Palinso amayi onyamula haemophilia, matenda ochedwetsa magazi kuundana chifukwa chosowa factor VIII kapena IX. Anthu amadziwa kuti awa ndi matenda a anyamata, koma amadzera mwa amayi, ndipo ena mwa amayiwo factor VIII kapena IX wawo amakhala wochepa moti nawonso amataya magazi. Apa funsani bwino kwa abale a kuchikazi kwanu. Kodi alipo mchimwene wanu, malume anu kapena mwana wa mchemwali wanu amene magazi anavuta kusiya atadulidwa, kaya ku jando kaya kuchipatala? Alipo amene ankatupa mawondo kapena zigongono ali mwana popanda kugwa kwenikweni? Kuno ku Zomba, komwe anyamata ambiri amapita ku jando, funso limeneli limatsegula nkhani zomwe banja linaziiwala kapena linazitcha dzina lina.

Si vuto lonse la magazi lomwe ndi la kumtundu. Ma platelet amatha kuchepa munthu atakula kale. Mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 150 ndi 450 pa pepala la zotsatira. Amatsika chifukwa cha malungo, HIV, matenda a chiwindi, kapamba wotupa, matenda omwe chitetezo cha thupi chimawononga ma platelet ake omwe, komanso mwa apo ndi apo khansa ya m'magazi. Kwa anthu a kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi a m'minda ya mpunga, likodzo la m'matumbo limene lakhalitsa limawononga chiwindi ndi kutupitsa kapamba, ndipo likodzo lokodzetsa magazi limathanso kuchititsa zilonda kumaliseche zomwe zimatulutsa magazi. Chizindikiro cha ma platelet ochepa ndi timadontho tofiira ngati tobayidwa ndi singano pa miyendo kapena m'kamwa, komanso mikwingwirima yomwe munthu sakumbukira pomwe anadzigunda. Pa khungu lakuda timadonthoti timaoneka bwino m'kati mwa milomo ndi m'zikope.

Kwa mtsikana wa zaka 15, chifukwa china chofala ndi chakuti m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira thupi silinakhazikike pa kutulutsa dzira mwezi uliwonse, ndipo msambo umabwera mosalongosoka, nthawi zina wochuluka. Zimenezi zimatha zokha, ndipo mwina n'zimene akuluakulu aja anaziona kwa atsikana ena. Koma sizibweretsa kamfuno. Kwa mayi wamkulu mndandanda umasintha: zotupa za m'chiberekero, lupu ya kopa, jakisoni kapena zoika pamkono zolerera, kupita padera, vuto la chithokomiro, ndi khansa ya khomo la chiberekero, yomwe m'Malawi muno ndi yochuluka kwambiri. Mayi aliyense wotuluka magazi pakati pa misambo iwiri, atagonana, kapena atasiya kale kusamba, apite akayezetse khomo la chiberekero asanaganize za china chilichonse.

Tsopano chochita. Tengani kope, mulembe zonse musanapite kuchipatala, chifukwa pamzere wautali dokotala amakhala ndi mphindi zochepa, ndipo mtsikana wamanyazi amangoti "ndimataya magazi ambiri" basi. Lembani tsiku lomwe msambo wayamba ndi lomwe watha, mapadi angati pa tsiku, onyowa theka kapena onyoweratu, ndi kukula kwa magazi oundana. Lembaninso kamfuno: amabwera kangati pa mwezi, ndipo amatenga mphindi zingati. Kamfuno wopyola mphindi 10 ndi wofunika kumutchula. Onjezani ngati nkhama zimatuluka magazi potsuka mano, ngati bala laling'ono la mpeni limachedwa kuuma, ndiponso ngati anazulidwapo dzino n'kumatuluka magazi mpaka mawa lake. Nkhani yanu ya kuikidwa magazi pobereka ilembedwe pamwamba penipeni. Mukafika, nenani mawu awa momveka: "Ndikupempha muone ngati magazi ake amaundana bwino, chifukwa kwathu tilipo angapo otere." Ngati pa chipatala chaching'ono sangathe kuyeza, pemphani kalata yokutumizani ku Zomba Central Hospital, ndipo musaiwale buku la kuchipatala la mwanayo ndi lanu lomwe.

Kuyeza koyamba ndi kwa full blood count, komwe kumaonetsa haemoglobin, womwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa magazi, ndi chiwerengero cha ma platelet. Kwa mkazi wosayembekezera, haemoglobin yochepera 12 ndi kuchepa kwa magazi, ndipo yochepera 8 ndi kuchepa koopsa. Adzayezanso mimba, malungo ndi HIV. Musakhumudwe nazo poganiza kuti akumukayikira mwana wanu, amayeza aliyense wobwera ndi vuto lotere. Kenako pali PT ndi APTT, zomwe zimayeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane mu kabotolo.

Apa pali msampha womwe umasocheretsa ambiri. Munthu wa matenda a von Willebrand amatha kukhala ndi ma platelet okwanira, PT yabwino, APTT yabwino, n'kuuzidwa kuti magazi ake alibe vuto. Zoyeza zimenezi siziona ulimbo uja. Pamafunika kuyeza kwapadera kwa von Willebrand factor, kuchuluka kwake ndi mphamvu yake, pamodzi ndi factor VIII. Kuyeza kotereku sikuchitika pa chipatala chaching'ono. Dokotala wa pa chipatala chachikulu ndi amene angalongosole komwe magazi apite, kapena kukutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Ngakhale kuyeza kwapaderako kumatha kunamiza. Ulimbowu umakwera munthu akakhala ndi mantha, akathamanga, akadwala, akakhala woyembekezera, kapena pomwe akutaya magazi kwambiri, ndiye zotsatira za tsiku limenelo zimaoneka zabwino. N'chifukwa chake amabwereza kawiri kapena katatu pa masiku osiyana munthu ali phee. Anthu a gulu la magazi la O mwachibadwa amakhala ndi ulimbo wocheperapo, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo dokotala amaganiziranso zimenezi powerenga zotsatira.

Chomwe tikufuna mugwiritse ndi ichi: chithandizo sichidikira dzina la matenda. Mankhwala ochepetsa msambo ndi omwewo, kaya kuyeza kwapadera kwachitika kaya ayi.

Oyamba ndi tranexamic acid. Thupi likatseka mtsempha, limakhalanso ndi njira yosungunulira chotsekacho, ndipo m'chiberekero njira imeneyi ndi yamphamvu kwambiri. Mankhwalawa amaichedwetsa. Muyeso wa nthawi zonse kwa wamkulu ndi kwa mtsikana wa msinkhu uwu ndi 1 g, kutanthauza mapiritsi awiri a 500 mg, katatu pa tsiku, kuyambira tsiku lomwe magazi ayamba kuchuluka, kwa masiku osapitirira anayi kapena asanu monga dokotala walembera. Amachepetsa magazi otayika ndi pafupifupi theka. Si olerera, ndipo samwedwa mwezi wonse. Cholakwika chofala ndi kumwa piritsi limodzi patsiku, kapena kuyamba tsiku lachitatu magazi atatayika kale, kenako n'kunena kuti sagwira. Asamwe munthu amene anadwalapo kuundana kwa magazi m'mitsempha ya mwendo kapena m'mapapo, ndipo wa vuto la impso kapena wokodza magazi auze dokotala asanayambe.

Achiwiri ndi mapiritsi a mahomoni, omwe anthu amawadziwa ngati olerera, monga Microgynon. Tikudziwa kuti kholo likamva kuti mwana wa sukulu apatsidwe mapiritsi amenewa mtima umakana, ndipo abale amayamba kulankhula. Koma pano akugwira ntchito ya mankhwala: amapyapyalitsa khungu la mkati mwa chiberekero kuti poyoyoka pasatseguke mitsempha yambiri. Saononga mphamvu yobereka, akasiya kumwa thupi limabwerera mwakale. Dokotala angathe kunena kuti amwe mapaketi awiri kapena atatu motsatizana, kudumpha mapiritsi 7 omaliza a mtundu wina aja, kuti msambo uzibwera kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu. Magazi sakhala akuunjikana m'mimba monga ena amaopera, chifukwa khungu lomwe likanayoyoka silimera n'komwe. Chimene chimawononga ndi kuiwalaiwala: kudumpha masiku awiri kumayambitsa magazi. Mapiritsiwa sayenera kwa munthu wa BP yokwera, wa mutu waching'alang'ala womwe umayamba ndi kuona zing'aning'ani, wosuta fodya wopyola zaka 35, kapena amene magazi anamuundanapo m'mitsempha. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin amawafooketsa.

Palinso lupu ya mahomoni, ya levonorgestrel, yomwe imachepetsa msambo kuposa njira zonsezi, mpaka ndi magawo 9 mwa 10 pakatha miyezi ingapo, ndipo imakhala zaka zisanu kapena kuposerapo. Miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba munthu amadontheza magazi pang'onopang'ono, ndipo ambiri amaichotsa nthawi imeneyi isanayambe kuonetsa ubwino wake. Musaisokoneze ndi lupu ya kopa, yomwe imachulukitsa msambo ndipo siyenera kwa munthu wotere. Magazi akakana kusiya pa msambo umodzi, achipatala amagwiritsanso ntchito norethisterone wa 5 mg katatu pa tsiku kuti awaimitse. Kwa amene atsimikizika kuti ali ndi mtundu woyamba wa von Willebrand kuli desmopressin, yemwe amatulutsa ulimbo womwe thupi linasunga m'makoma a mitsempha. Ameneyu amaperekedwa ndi katswiri yekha, chifukwa amasunga madzi m'thupi ndipo munthu amayenera kuchepetsa zakumwa tsiku limenelo.

Za brufen. Kwa mayi amene magazi ake amaundana bwino, brufen amachepetsadi ululu ndi msambo womwe, ndiye amene anamulemba anatsata njira yodziwika. Koma brufen, diclofenac, indocid makamakanso aspirin amafooketsa ma platelet, ndipo mphamvu ya aspirin imakhala m'magazi pafupifupi sabata yathunthu. Mpaka zitadziwika, mwana wanu asiye amenewa, azimwa panado: pa msinkhu wake piritsi limodzi kapena limodzi ndi theka la 500 mg, pakadutsa maola 6. Muziwerenga pa paketi ya mankhwala a mutu ndi a chimfine ogula pa golosale, chifukwa ena muli aspirin.

Mapiritsi a magazi apitirize, koma amwe moyenera. Piritsi la ferrous sulphate la 200 mg lili ndi ayironi wokwana 65 mg. Limodzi pa tsiku ndi lokwanira kwa ambiri, ndipo ngati likumuvutitsa m'mimba, kumwa tsiku limodzi n'kudumpha lina kumagwirabe ntchito. Amwe ndi madzi kapena ndi chipatso monga gwafa, lalanje kapena madzi a malambe, osati ndi tiyi kapena mkaka. Tiyi amamanga ayironi m'matumbo, choncho pazidutsa ola limodzi kapena awiri. Chimbudzi chimada, zimenezo zisamuopse. Pakatha mwezi ayezetsenso, haemoglobin iyenera kukhala itakwera ndi 1 kapena 2. Ikafika pabwino asasiye, apitirize miyezi ina itatu kuti nkhokwe ya ayironi m'thupi idzaze. Ambiri amasiya chizungulire chikangotha, ndipo pakapita miyezi iwiri amabwerera pomwe anali. Ndiwo monga chiwindi, nyama, usipa, matemba, nyemba, bonongwe ndi chisoso zimathandiza, koma pazokha sizingabwezere magazi otayika pa mlingo umenewu. Mukamuona akulakalaka dothi, dziwani kuti ayironi watsika kwambiri. Botolo la mapiritsiwa likhale patali ndi ana aang'ono, chifukwa kwa iwo ndi poizoni.

Kamfuno akayamba, akhale pansi, aweramire kutsogolo, atsine mbali yofewa ya mphuno kwa mphindi 10 mpaka 15 osasiyasiya kuti aone ngati wasiya. Kugadamitsa mutu kumangotsitsira magazi kummero.

Musadikire tsiku lomwe munapatsidwa ngati padi ikunyoweratu ola lililonse kwa maola awiri kapena atatu otsatizana, ngati wakomoka kapena akuchita chizungulire poimirira, akupuma movutika atangokhala, mtima ukuthamanga, kapena zikhatho ndi m'zikope mwayera. Chimodzimodzi ngati msambo unadumpha kenako kwabwera magazi ndi ululu wa m'mimba mbali imodzi. Pitani usiku womwewo. Akafunika kuikidwa magazi, zipatala zimalandira magazi oyezedwa kuchokera ku Malawi Blood Transfusion Service, ndipo kuikidwa magazi pa nthawi yotere kumapulumutsa moyo.

Zikatsimikizika kuti magazi ake amachedwa kuundana, kapena ngakhale zikungoganiziridwa, pemphani kuti zilembedwe pa tsamba loyamba la buku lake la kuchipatala. Azinena asanazulidwe dzino, asanachitidwe opaleshoni iliyonse, asanabayidwe jakisoni wa m'mnofu, ndiponso asanapalidwe m'chiberekero, komwe ambiri amati kukolopa. Akadzakhala ndi pakati adzanene pa sikelo yoyamba, ndipo adzachirire pa chipatala chachikulu chomwe chili ndi magazi. Pa mimba ulimbo uja umakwera wokha, makamaka miyezi itatu yomaliza, mwina n'chifukwa chake anthu amati kubereka kumachiza. Koma mwana akangobadwa umatsika, n'kubwerera pakale m'sabata imodzi mpaka zitatu, nthawi yomwe mayi ali kale kunyumba ndipo aliyense akuona ngati zoopsa zadutsa. Magazi ochuluka m'masabata amenewo ndi obwerera nawo kuchipatala msanga. Kuyambira 2017, bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mayi wotaya magazi ambiri atabereka apatsidwe tranexamic acid wa 1 g wa mumtsempha pasanathe maola atatu chibadwire mwana.

Inuyo mayi, popita ndi mwanayo mukayezetse nanunso haemoglobin ndi ma platelet, ndipo mukafotokoze za kubereka kuja mwatsatanetsatane: magazi anayamba nthawi yomweyo kapena patapita masiku, ndipo anakuikani mabotolo angati. Ngati muli ndi ana ena aakazi omwe sanathe msinkhu, dokotala adziwe za iwo tsopano, kuti msambo wawo woyamba udzapeze tranexamic acid ali kale m'nyumba. Ngati muli ndi mnyamata amene sanadulidwe, mdulidwe wake udikire mpaka magazi ake atayezedwa.